Makina osokera a alamu anga

Pakhonde pathu ku Mitundu panakhala makina osokera a Singer kwa zaka 7. Anali akuda, opalasa ndi mapazi, timaluwa tagolide ta m'mbali mwake titayamba kufufutika. Mayi a kunyumba ankasokerapo mayunifolomu a ana a pulayimale ndi mabulauzi oyera a amayi a chigwirizano, ndipo ndalama ya ndiwo, sopo ndi chigayo inkachokera pamenepo. Jekete lomwe ndinavala tsiku langa loyamba kudya mgonero linafupikitsidwa manja pa makina omwewo.

Makinawo sanali athu, ndipo ndinkadziwa. Mwa zaka 7 zimenezo, zaka 3 ndinali kale munthu wopemphera, woimirira kutsogolo n'kumauza anzanga zomwe Yesu anandichitira.

## Tsiku lomwe tinakweza katundu

Achimwene anga anamwalira mu Ogasiti 2009. Anali telala ku Kawale, ankasokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anasiya alamu ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 12 ndi mtsikana wa zaka 7. Achimwenewo tinakawaika kumudzi, ndipo titangometa amalume anati tipite ku tauni tikaone za katundu.

Amene munakhalapo pa zokambirana zoterezi mawu ake mukuwadziwa. "Katunduyu ndi thukuta la mwana wathu." "Mayiyu akadali wamng'ono, mawa akwatiwa, ndiye mwamuna wina adzagonere bedi la m'bale wathu?" Wina anawonjezera kuti kwathu kuno ana ndi akuchikazi, akawalera amalume awo. Taonani mmene tinaugawira mwambo. Ana tinawapereka kuchikazi, katundu tinamusunga kuchimuna. Palibe gogo amene anatiphunzitsa zimenezo, tinangotola mbali yotikomera n'kuitcha mwambo.

Tinachita hayala kalole. Amalume anatenga bedi ndi mipando, msuweni wina njinga ndi wailesi. Ine gawo langa linali makina ndi malata 20 a mafiti 10, omwe achimwene ankagula limodzilimodzi poyembekeza kudzamanga. Alamu anali atakhala pamkeka pakona, mpango wakuda kumutu. Sanalire. Analankhula kamodzi kokha.

"Zinazo tengani. Makinawo ndisiyireni, ndimasokanso ine. Ana ndiwadyetsa chiyani?"

Amalume anayankha kuti, "Mudabwera nawo kuchoka kwanu?"

Ine ndi amene ndinawerama n'kumasula lamba, kuchotsa mutu wa makina pathebulo lake, n'kuukulunga m'chitenje chomwe ndinangochitola pomwepo. Ndi chitenje chomwecho chinali cha alamu. Sabata yotsatira anasudzulidwa n'kubwerera kwawo, mbali ya Linthipe ku Dedza, atanyamula ana, mapoto ndi chikwama cha zovala. Malata ndinagulitsa chaka chisanathe. Theka la ndalama linalowa mu geni yanga yogula mbewu, theka linathera ku mowa.

## Zakale zapita

Mu Seputembala 2013 kunali msonkhano wa misasa pafupi ndi kwathu. Ndinapita chifukwa mayi a kunyumba anandikakamiza, masacheti awiri a mowa ali m'thumba. Tsiku lachiwiri mlaliki analankhula za mwana wolowerera, ndipo atafika pomwe bambo akuthamangira mwana wake akadali patali, china chake chinasweka mkati mwanga.

Sindikufuna wina aganize kuti kutembenuka kwanga kunali kwachiphamaso. Kunali kwenikweni. Ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu omwe ankandiopa. Masacheti ndinakawataya m'chimbudzi, ndipo mpaka lero mowa sunalowenso pakamwa panga. Ndinasiya kukweza dzanja pa mkazi wanga. Ndinalowa kalasi, ndinaloweza katekisima, ndinalandiridwa pa mgonero. Ku mlaga ndinkafika woyamba n'kuyala mikeka. Ana anga anasiya kuthawira kuseri akamva mawu anga. Zimenezi ndi ntchito ya Mulungu ndipo ndidzazithokoza mpaka kumanda.

Vuto linali pa mndandanda womwe ndinali nawo m'mutu wa zomwe Mkhristu amachita. Samwa, sasuta, sachita zibwenzi, sapita kwa sing'anga, sajomba Lamulungu, amapereka chakhumi ndi masika. Zonsezi ndi zoona, sindikuzipeputsa. Koma zonse zinkathera pa ine ndi pakhomo la tchalitchi. Pa mndandanda wonsewo panalibe dzina la munthu ngakhale mmodzi.

Vesi lomwe ndinkalikonda linali 2 Akorinto 5:17, lonena kuti amene ali mwa Khristu ndi wolengedwa watsopano, zakale zapita. Ndinkalitchula mu umboni uliwonse. Ndipo chamumtima, osatulutsa mawu, makina aja ndinali nditawaika m'gulu la zakale zomwe zinapita. Ndinkati anawatenga ndi munthu wakale uja, woledzera, ine ndine watsopano. Chonsecho munthu watsopanoyo ankadya ndiwo zogulidwa ndi makina omwewo tsiku ndi tsiku.

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye. Limanena kuti oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo. Nkhaniyi inkakambidwa pa wailesi kawirikawiri. Ikangoyamba, ndinkasintha siteshoni n'kuika ya nyimbo zauzimu.

## Mlendo wa Loweruka masana

Chaka cha 2016 mukuchikumbukira. Mvula inadula, mu Epulo a Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, anthu ankagona pa mizere yogula chimanga. Loweruka lina mu Seputembala, dzuwa lili paliwombo, ndinamva odi. Pabwalo panali mtsikana wamtali, woonda, fumbi mpaka m'mawondo, kajumbo kakuda m'manja. Sindinamuzindikire mpaka atagwada n'kunena kuti, "Muli bwanji bambo aang'ono?" Mphumi ndi maso zinali za achimwene.

Anali atasankhidwa kupita Fomu 1 ku sekondale yoyendera ya kwawo. Fizi ya teremu yoyamba amayi ake anali ataipeza ndi maganyu, chomwe chinkasowa ndi yunifolomu ndi nsapato. Ya minibasi anachita kubwereka. Ankalankhula maso ali pansi, ndipo zinkaonekeratu kuti mawuwo anawakonzera m'njira.

Ndinamupatsa mpando pakhonde n'kulowa m'nyumba kukauza mayi kuti ateleke. Potuluka ndinamupeza ataimirira pa makina. Poyamba ankangowayang'ana. Kenako anaika dzanja pa gudumu n'kulizunguza pang'onopang'ono, singano n'kutsika, n'kukwera.

Thebulo la makinawo lili ndi madirowa awiri. Ya kumanja inkatseguka bwinobwino. Ya kumanzere inatikanika kuyambira tsiku lomwe tinafika nawo. Tinakoka, tinagogoda, mayi anayesa kutokosa ndi mpeni, mpaka tinangoti inamatirira ndi chinyezi n'kuisiya. Mtsikanayo analowetsa zala ziwiri kunsi kwake, anaikweza pang'ono, anaikankhira mkati, n'kuikoka. Inatseguka ngati yothiridwa mafuta.

"Imafuna kuikweza kaye," anatero. "Adadi ankabisamo masiwiti anga."

Munali tepi yoyezera yachikasu, manambala oyambirira atafufutika ndi chala cha achimwene. Munali kachidutswa ka choko cha buluu, mabobini atatu ulusi ukadali momwemo, ndi kabuku ka miyezo ya makasitomala. Ndinakatsegula. Masamba oyamba linali dzanja la achimwene, lopendekera, lothamanga. Kuyambira chapakati mpaka kumapeto, miyezi yomwe iwo ankadwala, linali dzanja lina la zilembo zozungulira. Dzina, chiuno, utali, yomwe wapereka, yotsala. Linali dzanja la alamu. Ankasokadi, ndipo miyezi yomaliza ija banja lonse linkadya za manja awo.

Mtsikanayo anatenga tepi, anaikulunga pa zala zake, n'kuibwezera momwe anaipeza. Anatseka dirowa. Sanapemphe kalikonse ka m'menemo. Anabwerera pa mpando n'kumadikira yankho la yunifolomu.

Pamenepo m'pomwe ndinagwa. Mwana wa atelala awiri wakwera minibasi ziwiri kudzapempha yunifolomu kwa munthu amene pakhonde pake pali makina a bambo ake, pachingwe patapachikidwa mayunifolomu a ana a eni ake oyembekeza kusita. Akanatukwana zikanandipepukira, bwenzi nditapeza pokwiyira. Ulemu wakewo ndi umene unandipyoza.

Ndinamupatsa ya yunifolomu, ya nsapato, ya thiransipoti ndi kaufa pang'ono. Anathokoza atagwada. Ndinamuperekeza ku siteji ndikudziwa kuti ndamudulira kachigamba pa nsalu yake yomwe.

## Kodi mwazi wa Yesu sukwanira?

Ndinakhala masabata atatu ndikulimbana nazo. Zifukwa sizinasowe. Sindinali ndekha, anagamula ndi amalume. Papita nthawi, kuutsa nkhaniyi n'kutokosa chilonda chomwe chinapola. Ndikabweza, banja langa lidya chiyani m'chaka ngati chino? Ndipo chachikulu pa zonse: Mulungu anandikhululukira kale, kodi mwazi wa Yesu sukwanira kuti mpaka ndiwonjezerepo makina? Chomalizachi chinkamveka chauzimu kwambiri, n'chifukwa chake chinandigwira nthawi yaitali kuposa zinazo.

Koma pemphero linauma. Ndikatseka maso ndinkaona zala ziwiri zikukweza dirowa.

Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu, bambo wachikulire amene anapuma pa uphunzitsi. Ndinawapeza pakhonde akusankha mtedza wambewu m'lichero. Ndinafotokoza zonse. Sanadabwe, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa kale.

"Ndiye funso lanu n'lotani?"

"Ngati Mulungu anandikhululukira, ndiyenera kubwezabe?"

"Adakukhululukirani zoona, ndipo simudalipire kanthu. Mukabweza makina simukugula chikhululukiro, chimenecho sichigulidwa. Koma tandiuzani, tsiku lomwe Mulungu ankakukhululukirani, adakupatsaninso makina a mayi wamasiye?"

Ndinasowa chonena.

Anatuma mdzukulu kukatenga Buku Lopatulika lawo, lachikuto chosokedwa ndi ulusi, nanditsegulira Levitiko 6. Ndinali ndisanawerengepo pamenepo. Pakunena za munthu amene walanda kapena kunyenga mnzake: abweze chinthucho chonse, awonjezerepo limodzi la magawo asanu, apereke kwa mwini wake, ndipo abwere ndi nsembe yake kwa Yehova. Anandisonyeza ndi chala mmene zatsatirana, mwini katundu kaye, guwa pambuyo. Anati Ambuye Yesu sadasinthe zimenezi, chifukwa pa Mateyu 5 akuti ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako pomwepo upite kaye kwa iye. Za Zakeyu anangokhudza modutsa, kuti Yesu atalowa m'nyumba mwake adafika mpaka m'thumba mwake.

Vesi lomwe linandikhalira ndi Deuteronomo 24:6. Limaletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole, chifukwa kutero n'kutenga moyo wake. Mphero ndi pomwe banja limaperera chakudya cha tsiku limenelo. "Makina a telala ndi mphero," anatero akupitiriza kusankha mtedza. "Inu simudatenge chitsulo ayi."

Ndinafunsa za malata, ngati ndingabweze ndalama yomwe ndinagulitsira. Ndinali nditawerengera kale ndipo ndinkadziwa kuti ndipepukidwa, chifukwa kuchokera 2009 kwacha inali itagwa kwambiri. Mu Meyi 2012 mokha dola inachoka pa K168 kufika pa K250, ndipo sinaime pamenepo. Ndalama ya malata 20 ya nthawi ija sikanagula ngakhale theka lake.

"Mudatenga ndalama kapena malata? Bwezani malata. 20, ndi 4 apamwamba."

Anandipatsanso malangizo awiri. Ndisapite ndekha, ndipo ndisakalalikire. "Mukupita ngati wolakwa, osati ngati mlaliki. Baibulo lisiyeni kunyumba. Akayamba kulankhula zowawa, mvetserani mpaka amalize."

## Pakhomo panga pomwe

Ndisanafike ku Dedza ndinayenera kudutsa m'nyumba mwanga. Mayi a kunyumba analira, ndipo sindiwaimba mlandu. Zaka zomwe ine ndinkamwa, manja awo pa makina amenewo ndi amene analera ana athu. Anandifunsa kuti, "Kulapa n'kwanu, nanga bwanji wolipira ndikhale ine?" Funsolo linali lachilungamo ndipo ndinalibe yankho lokoma. Tchimo langa linali litayala mizu m'munda wa anthu ena, polizula linkanyamula ndi dothi lawo lomwe.

Tinagwirizana kuti ndigulitse mbuzi ziwiri ndi matumba a soya omwe ndinkasungira kuti mtengo ukwere, tiwapezere makina ena ogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe. Omwe tinapeza ankadumphitsa ulusi, ndipo makasitomala ena anathawa. Anapirira. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinawapeza akupukuta makina a alamu n'kuwathira mafuta. Chitenje chija, chomwe zaka zonsezi chinali chovundikira makina, anali atachichapa n'kuchisita.

Amalume ndiye anakwiya zenizeni. "Iwe ukabweza, ife tioneka akuba." Anati mapemphero andizunguza mutu, iwo anayamba Chikhristu ine ndisanabadwe. Sindinakangane nawo. Ndinawauza kuti za bedi ndi mipando adziwa okha, ine ndikubweza zomwe ndinanyamula ndi manja anga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakhala chaka chathunthu osandilankhula, ndipo mpaka lero pa nkhani za pamtundu mawu anga salemera ngati kale.

Pali chinthu chomwe chimandipweteka pa nkhani imeneyi. Ambiri mwa amene tinakwera kalole kaja anali anthu opemphera, ena a maudindo. Pa maliro a achimwene kwaya inachezera usiku wonse. Mkhristu akapezeka pa mowa, nkhani imafika kwa akulu sabata isanathe. Koma katundu wa masiye amakwezedwa dzuwa likuswa mtengo, oyandikana nawo akuonerera, ndipo Lamulungu wolanda ndi wolandidwa amaimba nyimbo imodzi. Yakobo 1:27 imamanga zinthu ziwiri mtolo umodzi, kusamala ana amasiye ndi amayi amasiye m'masautso awo, ndi kudzisunga wosadetsedwa ndi dziko. Ife tinamasula mtolowo, tinanyamula chachiwiri chokha n'kumati tasenza zonse.

## Ku Linthipe

Tinanyamuka Loweruka lina mu Okutobala, ine ndi mkulu wa mpingo uja. Minibasi mpaka ku depoti ku Lilongwe, ina ya msewu wa M1 mpaka pa Linthipe, kondakitala atatilipiritsa mpando wathunthu wa makina. Kuchoka pamsewu tinakweza pa njinga ziwiri za kabaza, mutu pa ina, thebulo pa inayo, ife tikutsatira wapansi.

Tinayambira kwa anyakwawa, iwo n'kuitanitsa achimwene awo a alamu. Anatiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Nyumba ya alamu inali yaudzu, mbali imodzi ya denga atatseka ndi pepala la pulasitiki lopsindidwa ndi njerwa. Maso anga anakakamira pa denga limenelo.

Alamu anatuluka. Anali atakalamba kuposa zaka zawo. Anakhala chapatali, atatambalala, osayang'ana komwe kunali makina. Ndinagwada n'kunena zomwe ndinachita, osatchula amalume, osatchula mowa. Ndinati ndinaba, makina ndabweza, malata akubwera, ndipo ndikupempha andikhululukire.

Panali zii, mpaka ndinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, mwatha?"

"Ndatha."

"Makina ndawaona, ndi omwewo. Koma ndikufunseni, zaka 7 mwabwera nazo? Mnyamata wanga adalekezera Sitandade 7. Ali ku Kasungu ku esiteti ya fodya, adapita ali ndi zaka 15. Ine maso adayamba kuchita chifunga, ulusi sindingaulowetse pa singano. Mukadabweretsa chaka chachiwiri, chachitatu, bwenzi zili zina. Mudayamba liti kupemphera inu?"

"2013."

"2013. Ndiye Mulungu wanuyo adatenga zaka 3 kuti akuuzeni njira ya kuno?"

Amene anachedwa sanali Mulungu, koma sinali nthawi yoti nditero. Ndinakumbukira malangizo aja n'kutseka pakamwa. Analankhula nthawi yaitali. Za maganyu olipidwa madeya, za mvula yomwe inkawapeza m'nyumba ana atakhala tsonga usiku wonse, za tsiku lomwe mtsikana anadwala malungo iwo alibe ya kabaza n'kumubereka mpaka kuchipatala. Zonse ndinazimva nditagwada, mawondo atachita dzanzi. Palibe chomwe anawonjezera kapena kukometsa.

Pomaliza anati, "Makinawo lowetsani m'nyumba. Zokhululuka ndimva mumtima mwanga, musandithamangitse." Kenako anauza mtsikana kuti atiphikire. Tinadya nsima ya mgaiwa ndi mfutso, m'chaka cha njala, pakhomo lomwe ndinalisaukitsa ndine.

Pobwerera ndinali wolemedwa kuposa popita. Ndisaname, ndinkayembekeza kuti tigwirana chanza, tiimba nyimbo, ine ndibwerako ndi umboni wokoma wokanena ku mlaga. Mkulu uja anaiona nkhope yanga mu minibasi nati, "Chikhululukiro chawo n'chawo, apereka pa nthawi yawo. Inu musawerengere kuti mwamaliza. Mwangoyamba."

## Malata, kenako sikelo

Malata ananditengera zaka 2. Ndinkagula awiri, atatu ndikagulitsa mbewu, n'kumakawasunga kwa achimwene awo a alamu, mpaka anakwana 24 mu 2018. Misomali ndi mitengo sizinali pa mlandu, koma malata okha safolera nyumba, ndiye ndinagula. Fizi ya mtsikana ndinaisenza mpaka Fomu 4. Izi si zoombera m'manja. Makina akanatsala ku Kawale tsiku lija, mwina thandizo langa silikanafunika n'komwe.

Chomwe sindinayembekezere n'chakuti nkhani ya makina idzandifikitsa pa sikelo. Ntchito yanga ndi kugula soya, mtedza ndi chimanga kwa alimi. Sikelo yanga yopachika inali yofinya. Thumba la makilogalamu 50 linkawerenga 47 kapena 48. Ndinkati ndi mmene geni imayendera, ndipo pa phindu limenelo ndinkachotsapo chakhumi mokhulupirika, n'kulemba dzina pa envulopu. Nditabwerako ku Linthipe ndinaiyang'ana sikelo ija ili lende pa mtengo, mayi wina atatula kathumba ka mtedza komwe anasenza kuchokera kutali, mwana ali kumsana. Dzanja linakana kupachika. Miyambo 11:1 imati sikelo yonyenga imamunyansa Yehova, ndipo vesili ndinkalidziwa kalekale, kungoti ndinkalilambalala.

Alimi omwe ndinawabera sindingawapeze onse, ambiri sindiwadziwa ndi mayina omwe. Chimenecho chimandivutabe. Ndinagula sikelo ina yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo mlimi ndimamuuza awerenge yekha. Phindu linatsika. Anzanga ena pamsika anandida kwa kanthawi chifukwa alimi anayamba kufunsa mafunso pa masikelo awo.

Masiku ano akandipatsa mpata wolankhula ndi a kalasi kapena achinyamata ongotembenuka kumene, za mowa ndi chiwerewere ndimanena monga amanenera ena onse. Koma ndimawapemphanso atenge pepala alembe mayina. Amene uli naye ngongole ndipo umamuzemba pamsika. Mtsikana amene unamupatsa mimba n'kumukana, mwana akukulira kwa agogo ake. Wantchito amene unamuchotsa osamulipira miyezi iwiri. Mnzako wa m'malire amene unamudyera mizere itatu ya munda. Nkhope zimasintha pamenepo, ndipo ena sabweranso sabata yotsatira. Ndimawamvetsa, inenso ndinazemba zaka 3. Ndimawauza kuti Aefeso 4:28 sikuti imangoti wakuba aleke kuba, imapitiriza kuti agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chogawira osowa. Ine ndinali nditaima pa theka loyamba la vesilo, ndipo thekalonso ndinali ndisanalimalize.

## Osati lero

Alamu sananenepo mawu akuti ndakukhululukirani. Koma mu 2019 mayi athu atamwalira anabwera, anagona m'siwa masiku awiri, anaphika nawo kuseri ndi azimayi anzawo. Potsanzika anandipatsa moni wa dzanja.

Mtsikana uja atamaliza Fomu 4 amayi ake anamuphunzitsa kusoka. Maso sankaona bwino, ndiye ankangokhala pambali n'kumamvetsera. Makina akalira mwina, amadziwa kuti ulusi wathina kapena bobini yakhala molakwika, n'kumuuza pokonza. Lero amasokera pakhonde la sitolo ina pa Linthipe, ndipo mwezi wotsegulira sukulu sapuma.

Mnyamata ndiye nkhani ina. Anachoka ku Kasungu n'kupita ku Johannesburg, komwe amagwira ntchito ya zomangamanga. Tsiku lija ku Kawale anali ndi zaka 12, anaona zonse. Ndi iye amene ndinamuuza kuti agwire chitseko pamene ndinkatulutsa thebulo la makina, ndipo anagwira. Nambala yake ndili nayo. Ndamulembera pa WhatsApp kangapo, amawerenga koma sayankha. Sukulu yomwe anasiya sindingamubwezere, ndipo sindinapezebe chomwe ndingamupatse m'malo mwake.

Disembala wathayu ndinapita ku Linthipe ndi jekete lija la mgonero, nsalu ya mkati itang'ambika. Ndinakhala pa benchi ya makasitomala. Mwana wa achimwene anakweza dirowa, anaikankha, anaikoka, n'kutulutsa tepi yachikasu. Ali mkati mosoka foni yake inalira. Anali achimwene ake. Anacheza pang'ono, kenako ndinamva akuti, "Bambo aang'ono ali pompano. Muwalankhula?" Anamvetsera maso ali pa nsalu. Mawu ndinkawamva chapatali, koma osamva zomwe akunena.

Anaika foni pathebulo. "Akuti osati lero."

"Wanena choncho? Wati lero?"

"Eya. Ati osati lero."

Anaika mapazi pa chopondera, makina n'kuyamba kulira. Ndinadikira mpaka anamaliza, ndinalipira mtengo womwe ananena, n'kupita kukakwera minibasi ya ku Lilongwe.